Ndikagulitsa boti langa, kodi malo okochezapo apita nalo?

Mayi wina wa ku Katoto muno mu Mzuzu walemba motere:

"Akulu, ndine mayi wa bizinesi. Ndili ndi boti la faiba la injini ya Yamaha 40 ku Nkhata Bay, limanyamula alendo ofuna kuzungulira nyanja komanso nthawi zina katundu wopita ku Usisya. Zaka zitatu tsopano limagona pamalo a loji ina yake, pomwe ndimalipira pachaka. Chimwala cha simenti chomangirirapo boti chimene chili pansi pamadzi ndi tcheni chake ndinagula ndekha. Mu Meyi ndikupita ku Joni kukadikirira mwana wanga amene ali woyembekezera, ndipo ndikakhalako mwina miyezi 6. Pali bambo wina wa ku Chintheche akufuna kugula botilo, koma akuti agula pokhapokha malowo akhale ake. Nditauza a manijala a lojiyo anandiyankha zinthu ziwiri zimene zandisowetsa tulo. Akuti ndikagulitsa boti malowo abwerera kwa iwo, ndipo ndalama ya miyezi yotsala sabweza. Akutinso ndikapanda kugulitsa n'kulikokera kumtunda, aikapo boti la munthu wina mpaka ndidzabwere, koma ine ndizilipirabe. Kodi kumeneku si kundidyera masuku pamutu? Pepala limene tinasainirana ndi la tsamba limodzi, palembedwa dzina langa, dzina la boti ndi ndalama basi."

Mayi, zikomo polemba, ndipo mafuno abwino kwa mwana wanuyo. Mtima ukhale m'malo. Mwafunsa pa nthawi yake, musanalandire ndalama ya wogula komanso musanakwere basi ya ku Joni. Ambiri amene ndawathandizapo pa nkhani za maboti amabwera zinthu zitathina kale, ndalama atadya, wogula ali pakhomo akufuna malo amene analonjezedwa. Inu mpata wokambirana mukadali nawo. Koma ndisakunamizeni: a manijala anuwo sanapeke zimene akuuzanizo. Ndi mmene malo okochezapo maboti amayendetsedwera pafupifupi kulikonse. Pali pamene akulondola, ndipo pali pamene akungokokera kwawo chifukwa pepala lanulo silinena kanthu. Apo m'pamene inu mungapulumutsepo ndalama.

Tiyambe ndi chimene munalipira zaka zitatu zapitazo. Mumtima mumati "malo anga", ndipo n'zomveka, pakuti aliyense pagombe paja akaona chigubu chachikasu chikuyandama amadziwa kuti n'cha boti la mayi a ku Mzuzu. Koma mwalamulo simunagule malo, ndipo simunachite lendi ngati mmene munthu amachitira ndi nyumba. Munalipira chilolezo. Malamulo athu, amene mbali yaikulu tinatengera ku England, amasiyanitsa zinthu ziwirizi. Wa lendi amapatsidwa malo kuti akhale ake yekha mpaka nthawi imene anagwirizana itatha, ngakhale mwininyumba salowamo chisawawa. Wa chilolezo amangololedwa kuchita chinthu pamalo a mwini wake, ndipo chilolezocho chimamatirira pa iyeyo. Sangachigulitse, sangachisiyire mlamu wake, pokhapokha mwini malo atavomera. Zili ngati benchi ya mumsika waukulu wa Mzuzu: wogulitsa tomato amalipira tsiku ndi tsiku, anzake onse amadziwa kuti pamenepo m'pake, koma msikawo ndi wa khonsolo.

Mukafuna kutsimikiza mbali imene muli, kumbukirani mmene mwakhalira nawo. Kodi sanayambe akuuzani woyendetsa boti wanu kuti lero kocheza uko, pano pakubwera boti la alendo otsika mu Ilala? Kodi simulowera pa geti yawo, ndipo mlonda wa usiku si wawo? Ngati ndi choncho, muli pa chilolezo. Dzina la boti limene lalembedwa papepala lanulo likungokhomerera msomali: analola inuyo, ndi boti limenelo, osati munthu aliyense amene angadzakhale nalo.

Palinso china chimene eni maloji sakonda kuchitchula. Madziwo si awo. Lamulo la zamadzi la 2013 limaika madzi a dziko lino m'manja mwa boma, ndipo bungwe la National Water Resources Authority ndilo limayang'anira. Chimene loji imakugulitsani ndi njira yofikira kumadzi, jeti (kamlatho kokwerera boti), mlonda, nyali ya usiku ndi kachipinda kosungiramo thanki ya petulo. Maloji ambiri nawonso ali pa lizi, mgwirizano wobwereka malo kwa zaka, yomwe ili ndi malire ake pa zopereka malo kwa anthu ena, kotero manijala wokana kuti malo agulitsidwe nthawi zina akuteteza lizi ya abwana ake. Izi ndakuuzani kuti mudziwe, osati mukawaopseze nazo. Mukakayamba zoti nyanja ndi ya Mulungu, iwo akakuyankhani kuti geti ndi yawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'madoko okonzedwa bwino a maboti a anthu wamba, monga a ku Cape Town, ku Durban kapena ku Kariba, zimene a manijala anuwo anena pakamwa zimalembedwa ndithu, masamba ndi masamba. Kawirikawiri amati chilolezo n'cha mwini boti ndi boti lotchulidwalo, ukagulitsa uwadziwitse mwamsanga dzina la wogula, wogulayo apemphe malo payekha, ndipo boti likachoka kwa masiku angapo eni doko ali ndi ufulu woikapo lina. Ena amafunanso kachigawo ka ndalama ngati boti lagulitsidwira pamalo awo. Zifukwa zake n'zomveka. Pamakhala anthu amene akhala akudikira malo kwa zaka, ndipo malo akamapita limodzi ndi boti, munthu wandalama amangogula chiphakasa cha boti kuti adumphe mzere. Komanso mwini malo amafuna kudziwa amene azilowa pa geti yake mbandakucha atanyamula zigubu za petulo, alendo ake ali mtulo. Inu amakudziwani. Bambo a ku Chinthechewo sawadziwa.

Ndiye pa nkhani yogulitsa, langizo langa lalikulu ndi ili: musalonjeze malowo, ngakhale pafoni, ngakhale mongocheza. Bambowo akudziwa chimene akufuna. Gombe la ku Chintheche ndi lamchenga, lotseguka, mwera ukawomba mafunde amafika osatchingidwa ndi kanthu, pomwe ku Nkhata Bay kuli timakona tobisika momwe boti limagona mwamtendere. Choncho gawo lina la mtengo umene akukupatsani si la boti, ndi la malo. Mukalandira ndalamayo kenako a loji n'kuwakana, adzanena kuti munawagulitsa chinthu chimene si chanu, ndipo adzakhala ndi poyambira kukhoti. Inu nthawi imeneyo muli ku Joni, mwana wakhanda ali m'manja.

Njira yake ndi yokhalirana pansi anthu atatu: inu, wogula ndi a loji, makamaka mwini wake osati manijala yekha, chifukwa mamanijala amasintha ndipo wobwera pambuyo sadziwa zimene mnzake analonjeza. Wogulayo apemphe chilolezo chake chatsopano, m'dzina lake, ndipo a loji ayankhe polemba. Inu ntchito yanu ndi kumuperekeza ndi kumunenera zabwino ngati mukumudziwa. Musaiwale kuti a loji nawo amapindula: munthu wolipira akuchoka, wina wolipira akulowa, boti ndi lomwelo limene akulidziwa kale kukula kwake ndi kulemera kwake. Ndaona eni malo ambiri amene poyamba anati sizingatheke akuvomera mosavuta ataonana ndi wogula maso ndi maso. Chimene amadana nacho ndi kudzidzimutsidwa. Mu mgwirizano wanu ndi wogula mulembe mtengo wa boti ndi injini, kenako muonjezere chiganizo chonena kuti malo okochezapo sali m'gulu la zogulitsidwa, ndipo wogula wakambirana yekha ndi eni malo. Ngati iye akuti sagula popanda malo, lembani kuti malondawo adzayamba kugwira ntchito tsiku limene a loji adzamupatse chilolezo, ndipo akakanidwa dipoziti yake mubweza.

Pali kanjira kachidule kamene wina adzakuuzani, mwina wakuuzani kale: gulitsani mwakachetechete, dzina lanu likhalebe papepala la loji, muziti bambowo ndi mnzanu wa bizinesi. Musayerekeze. Ndikudziwa bambo wina amene anachita zimenezi. Chaka chisanathe chingwe chinaduka usiku wa mwera, boti linakawomba boti la munthu wina n'kuliboola m'mbali. A loji anatulutsa pepala, dzina linali la wogulitsa uja, ndipo wogula anangozimitsa foni. Munthu analipira zowonongeka za boti limene sanalikwerepo kwa miyezi yambiri. Kuonjezera apo, eni malo akatulukira chinyengocho amakhala ndi chifukwa chokwanira chothamangitsira boti tsiku lomwelo.

Pa ndalama ya miyezi yotsala, apo a manijala athamanga pang'ono, ngakhale kuti nanunso simuli pamwamba kwenikweni. Munalipira chaka chonse ndipo mukuchoka mwa kufuna kwanu, choncho lamulo silingowakakamiza kubweza. Koma pepala lanu silinena kuti ndalama sibwezedwa, ndipo ngati iwo atenga malowo n'kuyamba kulandira ndalama kwa munthu wina mawa lake, ndiye kuti akudya kawiri pamalo amodzi. Mfundo imeneyo ndi yamphamvu pokambirana. Tiyerekeze kuti mumalipira K60,000 pamwezi, munalipira Januwale mpaka Disembala, ndipo mwagulitsa kumapeto kwa Epulo. Yatsala miyezi 8, yomwe ndi K480,000. Musapemphe kuti akupatseni ndalamayo pamanja, chifukwa palibe wabizinesi amene amakondwera kutulutsa ndalama imene anaiwerengera kale. Pemphani kuti aiwerengere kwa wogulayo, iye asalipire mpaka Disembala, ndipo inu muionjezere pa mtengo wa boti. Aliyense amatuluka osapweteka. Akakana wogula wanuyo n'kuikapo munthu wawo, pemphani kuti akubwezereni kuyambira tsiku limene munthu wawoyo wayamba kulipira.

Chimwala ndi tcheni ndi zanu ngati simunagwirizane zina, pakuti chimwalacho sichinamangidwe kunthaka, changokhala pansi ndi kulemera kwake. Fufuzani malisiti a simenti ndi tcheni, kapena mboni imene inalipo pochimiza. Koma kuchivuula n'kovuta, pamafunika anyamata odziwa kumira ndi migolo yoyandamitsira, ndipo mtengo wake ungapose wa chimwalacho. Ndi bwino kuchigulitsa kwa wogula boti kapena kwa a loji pamtengo wa chinthu chogwiritsidwa kale ntchito. Tcheni cha zaka zitatu chimakhala chitadyeka pamene chimakhukhuzika pansi, ndipo loko yolumikizira imaonda mkati mosaoneka. Musanachigulitse mutume munthu akachione, ndipo muuze wogula zimene wapeza.

Za boti lenilenilo ndidutsa mwachangu chifukwa ndikukhulupirira kuti mapepala anu ali bwino. Boti lonyamula anthu molipiritsa limayenera kulembetsedwa ndi kuyezedwa ndi Dipatimenti ya Marine, ya mu unduna wa zamtengatenga, malinga ndi lamulo la Inland Waters Shipping Act la 1995. Mukagulitsa, kawadziwitseni kuti umwini wasintha, ndipo musasiyire wogula yekha ntchitoyi, chifukwa iye alibe changu chochotsa dzina lanu. Mu mgwirizano mulembe nambala ya injini, ija ili pa kachitsulo ka pafupi ndi pomangirira injini ku boti, ndipo muijambule ndi foni. Lembaninso tsiku ndi ola limene boti lachoka m'manja mwanu, chifukwa lamulo la malonda limayang'ana zimene ogulitsana anagwirizana pofuna kudziwa nthawi imene umwini wasintha, ndipo ngozi imatsata mwini. Ngati munaika boti kapena injini ngati chikole ku banki kapena ku bungwe lobwereketsa ndalama, malizani ngongoleyo kaye. Kuchokera pa lamulo la Personal Property Security Act la 2013, zikole zotere zimalembedwa m'kaundula amene wogula wochenjera angathe kufufuzamo. Inshuwalansi nayo siitsata boti yokha, wogula akakonze yake. Ndipo ngati akufuna kumaphera nsomba, imeneyo ndi nkhani ina ya laisensi ya a Fisheries ndi komiti ya pagombe, ndipo ndikukayika ngati loji ya alendo ingalole maukonde kuyanikidwa pamchenga wake.

Tsopano tibwere ku kuchokapo, chifukwa mwina simugulitsa. Pano pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza: kuchoka kwa mwini boti ndi kuchoka kwa boti. Inu mukapita ku Joni boti n'kukhalabe pamadzi, malo sanasiyidwe, palibe angaikepo china. Nkhani yoikapo boti la wina ikubwera chifukwa mwanena zolikokera kumtunda. Ndiye funso loyamba ndi lakuti, kodi kulikokera kumtunda n'koyenera?

Ine ndikuti eya. Mukuchoka mu Meyi, pamene mwera ukuyamba kumene, ndipo umawomba mwamphamvu mpaka cha mu Ogasiti. Miyezi imeneyi ndiyo imadula zingwe. Boti losiyidwa pamadzi limafuna munthu woliyang'ana tsiku lililonse, kukapa madzi, kuona pamene chingwe chikukhukhuzika pamphuno pa boti ndi kuvekapo kachidutswa ka paipi. Mlonda wa loji ntchito yake ndi kuona akuba, si kukapa madzi m'boti la munthu. Mwayi wanu ndi wakuti lanu ndi la faiba. Likanakhala la matabwa ndikanazengereza, chifukwa matabwa akauma padzuwa amatsegula mipata, podzalibweza pamadzi limamwa ngati dengu mpaka mutamatanso. La faiba limangofuna kukhazikidwa pa matayala akale kapena pa mitengo, kutsegula kabowo kotulutsira madzi, ndi kufunditsidwa lona. Injini muchotse, musaisiye pa boti ngakhale ndi loko wamkulu bwanji. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo akakhalitsa amakoka chinyezi n'kusiya phala m'kabureta, choncho makaniko aithamangitse mpaka petulo athe, aone mafuta a m'giya ya kumunsi, kenako muisunge choimirira m'nyumba yokhoma. Makilomita pafupifupi 50 a kuchokera ku Nkhata Bay kufika ku Katoto si ambiri poyerekeza ndi mtengo wa Yamaha 40 yatsopano.

Posankha pokhazika boti muganizire za madzi. Nyanja yathu imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, kenako imaphwera pang'onopang'ono mpaka cha mu Novembala ndi Disembala. Mukalikokera mu Meyi pamwamba pa mzere wa madzi, m'miyezi 6 yanuyo madzi azingothawa, palibe vuto. Vuto ndi lakuti miyezi 6 ya ku Joni ili ndi chizolowezi chosanduka chaka. Mvula ikayamba madzi amabwerera, ndipo tonse tikukumbukira 2024 pamene nyanja inakwera mpaka kulowa m'maloji ndi m'nyumba za m'mphepete. Likhazikeni pamwamba kuposa pamene mukuona kuti n'pokwanira, ndipo mulimangirire ku mtengo.

Nanga n'chilungamo kuti aikepo boti lina inu mukulipirabe? Mwalamulo, pa chilolezo chonga chanuchi, n'zovuta kuwaletsa. Komanso iwo anganene kuti boti lanu likadali pamalo awo, kumtunda, mlonda wawo akuliyang'anira, ndiye simukulipira mphepo. Mfundo imeneyo ili ndi mutu. Koma sindikuona chifukwa choti mulipire mtengo wonse pamene iwo akulandiranso kwa wina, makamaka pa chimwala ndi tcheni zimene munagula inu. Pitani ndi pempho lomveka: miyezi imene pali boti la wina, inu mulipire theka, kapena mtengo wosungira kumtunda wokha. Pemphaninso kuti boti loikidwapolo lisapose lanu kukula, chifukwa chimwala chimene chinapangidwira boti la faiba chingakokedwe ndi boti lalikulu la matabwa lodzaza matumba, ndipo chikawonongeka akonze ndi iwo. Chofunika koposa zonse, alembe kuti malowo adzabwerera kwa inu mukawadziwitsa masabata awiri musanabwere. Popanda chiganizo chimenechi mungadzapeze kuti mlendo uja wazika mizu, akulipira kuposa inu, ndipo a manijala akukulozerani pakona pena pamene pali miyala.

Musaganize zobwereketsa malowo nokha kwa mnzanu kuti azikulipirani. N'chimodzimodzi ndi kuwagulitsa, ndipo a loji angathetse chilolezo chanu pa chifukwa chimenecho. Ngati muli ndi munthu amene mukufuna kuti akhalepo, mupite naye kwa iwo, alowe ndi chilolezo chawo.

Mwina mukuganizanso zoti woyendetsa boti wanu apitirize ntchito inu kulibe, ndalama azikutumizirani. Zimatheka, koma ndi njira imene ndaona ikupha maubale ambiri. Mwini akachoka, boti la anthu 10 limayamba kunyamula 16 ndi matumba a simenti pamwamba, majekete oyandamitsa amabwerekedwa osabwerera, ndipo ulendo wa ku Usisya umanyamuka ngakhale nyanja itayera ndi mafunde chifukwa pali wolipira bwino. Pakachitika ngozi dzina lofunsidwa ndi lanu. Ngati mnyamatayo mumamukhulupirira zedi, a loji adziwe polemba kuti iye ndiye azilowa ndi kutuluka, ndipo pakhale munthu wina wamkulu woona mabuku ndi kuletsa ulendo nyengo ikaipa. Ngati pali kachikayiko ngakhale kochepa, boti likagone kumtunda, mnyamatayo mumupezere ganyu ina.

Mulimonse mmene mungasankhire, siyani munthu mmodzi wodziwika, osati "abale anga". A loji akhale ndi dzina lake ndi nambala yake. Mulembereni kalata yomupatsa mphamvu, yosainidwa pamaso pa loya, yonena zimene angachite ndi zimene sangachite. Alole kusuntha boti pakagwa zadzidzidzi, alipire, alandire makalata. Za kugulitsa mulembe mosapita m'mbali kuti sangagulitse, kapena ngati mukufuna kuti agulitse, mutchule mtengo wotsikitsitsa ndi akaunti imene ndalama zikalowe. Kalata yongoti "ayang'anire zonse za boti langa" ndi imene imachititsa munthu kubwera kuchokera ku Joni n'kupeza boti lake likuphera usipa ku Likoma.

Pa zolipira, ngati munalipira kale mpaka kumapeto kwa chaka, vuto lingabwere ngati mutachedwa kubwera. Gwirizanani tsopano mtengo wa chaka chamawa, kapena malire a mmene angakwezere. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu inasintha mwadzidzidzi, ndipo munthu amene ali kutali sakhala ndi mphamvu yokana mtengo watsopano. Polipira gwiritsani ntchito banki, Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, ndipo uthenga uliwonse wa pa WhatsApp ndi a manijala muusunge. Funsaninso chimene angachite ndalama ikachedwa. Eni malo ena amagwira boti mpaka ngongole itaperekedwa, ndipo ena amafika poopseza kuti aligulitsa ngati chinthu chotayidwa. Kugwira n'kwina, kugulitsa n'kwina. Munthu sangangogulitsa katundu wa mnzake chifukwa cha ngongole popanda mgwirizano womulola kapena chigamulo cha khoti. Koma kulimbana nazo muli kunja n'kowawa, choncho lembani kuti asanachite chilichonse adziwitse inu ndi woimirira wanu polemba, ndipo apereke mwezi wathunthu.

Zonsezi sizifuna buku. Tsamba limodzi loonjezera pa lija muli naloli ndi lokwanira, losainidwa ndi inu, mwini loji ndi mboni ziwiri, aliyense atenge lake. Tsiku lokokera boti kumtunda jambulani zithunzi mbali zonse, pansi pomwe, ndipo lembani zimene mwasiya: nangula, zopalasira, majekete angati, thanki, lona. Manijala asainire mndandandawo.

Loya mumufune pa zinthu izi. Ngati mwapeza kuti pepala lanu lili ndi mawu ena kuseri kapena likutchula malamulo a loji amene simunawaonepo, aliwerenge musanakakambirane. Ngati a loji akana kukupatsani boti kapena chimwala chanu, kapena akufuna ndalama imene simunagwirizane kuti boti lituluke pa geti, musakangane ndi mlonda, pitani kwa loya kapena kukhoti la majisitireti. Ngati munalandira kale kenakake kuchokera kwa bambo a ku Chintheche mutawatchulira za malo, muonane ndi loya sabata ino, musananyamuke. Mu Mzuzu muli maloya okwanira, muli ofesi ya Legal Aid Bureau ya amene sangakwanitse kulipira, ndipo ngati mukuona kuti mwachitiridwa zosayenera ngati kasitomala mungadandaulenso ku Competition and Fair Trading Commission. Mtengo wolembetsa mgwirizano wogulitsa kwa loya ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi mtengo wa boti ndi injini.

Mukandifunsa chimene ndikanachita, ndikanakonza msonkhano wa anthu atatu uja mwezi uno. Wogula akalandiridwa ndi a loji ndipo ndalama yonse ili m'manja, gulitsani, mupite ku Joni opanda katundu kumutu. Koma akayamba zoti apereka theka tsopano, theka linalo azitumiza pang'onopang'ono boti ali nalo kale, kanani mwaulemu. Ngongole yotolera pafoni muli kunja siitoleka, ndipo boti limakhala likukalamba m'manja mwa wina. Zikatero likokereni kumtunda, injini ibwere ku Katoto, ndipo bambowo muwauze kuti mudzakambirane mu Novembala mukabwera.